Mai Gologolo Atchera Mono m'Suweji

Padangotero, anzanga. Vomerani kuti tili tonse, ndipo sendezani mipando kuno, chifukwa ena mwa eni nkhaniyi ali ndi abale mumudzi muno.

Kalekale, nyama zikadavala nsapato ndi kuchita geni, kunali katauni kotchedwa Gwiramchira. Mkulu wa khonsolo kumeneko anali Bwana Njati, bambo aulemu wawo, kungoti ankasinza pamsonkhano. Chaka china khonsolo inakoka mapaipi awiri kudutsa mumsika. Ina inali yobweretsa madzi abwino m'mipopi, ina ya suweji, yochotsa madzi oipa. Tsiku lotsegulira aliyense anavina. Kutacha kunabwera funso limene limaziziritsa gule aliyense: alipire ndani, ndipo zingati?

Oyankha funsoli anali a Mvuu, Tcheya wa komiti ya madzi. Eee, a Mvuu! Anali ndi lesitihausi ya zipinda khumi ndi ziwiri, kuseri ankafulula mowa wa masese, Lamulungu n'kukakhala pampando wa akulu a mpingo, maso ali tsinzini ngati sadziwa kanthu. Madzi amene ankathera kwa a Mvuu tsiku limodzi, inu mungasambe mpaka chaka chamawa. Pafupi nawo panali lesitilanti ya Mai Nkhumba, mayi wa wigi yofiira imene inkaoneka munthu akadali kudepoti.

Kumunsi kwa msika ndiye kunali amphawi. Kunali a Nungu, telala wosoka ndi minga yake yomwe, amene madzi ankangowafuna powaza nsalu posita. Kunali Mai Nkhanga a saluni, amene pakamwa pawo panalibe chitseko. Ndiye kunali Mai Gologolo, mayi wamasiye wa ana asanu, wogulitsa mtedza wokazinga m'kaokala ka khomo limodzi. Kathupi ndiye kochepa, koma m'mutumo munkayenda zinthu.

Pamsonkhano woyamba a Mvuu anaimirira, mpando n'kupuma.

"Chilungamo n'kufanana," anatero. "Khomo lililonse lizilipira chimodzimodzi, madzi ndi suweji pamodzi. Wolephera, mwezi ukatha, ichi."

Anatulutsa loko wamkulu ngati mutu wa mwana, n'kumuika pathebulo kuti gu! Bwana Njati anadzidzimuka kutulo n'kunena kuti, "Zamveka, zavomerezedwa."

Atatchula mtengo wake, a Nungu minga inagwa itatu. Kwa Mai Gologolo ndalama imeneyo inali mtedza wa masabata atatu, ana osadya. Ndipo okala ija ikatsekedwa, panalibenso munda kapena mlamu woti n'kuthawirako.

Tsono panali a Chule, pulambala wa khonsolo, amene ankakhalira kukwawa m'mapaipi a suweji kuchotsa zotsekeka. Malipiro awo anali zikomo, mwezi wabwino n'kuwonjezerapo sopo. A Chule anali ndi kanyimbo kawo kamene ankaimba ali pansi, mawu n'kumatulukira pa chivundikiro cha suweji. Kanyimboko kankafunsa kuti wakumwa ndi kapu ndani, wakumwa ndi mgolo ndani, nanga bwanji onse awiri akutula katundu wolemera mofanana. Amayi a kumunsi ankayankha kuti afunseni a mimba yaikulu, uku akuwomba m'manja kawiri. Tsiku limenelo anakaimba motsitsa, ngati pa maliro.

M'mawa mwake Mai Gologolo anavala chitenje chatsopano, anatola khala pa mbaula, ulendo ku khonsolo.

"Bwana, ndabwera kudzathokoza," anatero atagwada. "Lamulo la a Tcheya ndi lokoma ngati uchi. Ine sindinapite patali kusukulu, koma kuwerenga makomo ndimatha. Ndiloleni ndikuthandizeni, ulere."

"Ulere?" anatero Bwana Njati. "Tiyeni, mayi."

Anayambira kumunsi. Pa okala yawo Mai Gologolo analemba ndi khala: limodzi. Kwa a Nungu limodzi. Kusaluni limodzi. Atafika pa lesitihausi, a Mvuu anawalandira akumwetulira n'kuloza khomo lakumaso.

"Ilo, lembani limodzi."

"Ndalemba, a Tcheya. Nanga ili?"

"Icho n'chipinda chabe."

"Chipinda cholowera padenga? Bwana, taonani, ili si khomo?"

"Ndi khomo," anatero Bwana Njati.

Mai Gologolo anangoti chitenje kwinyu, n'kuyamba kuthamanga m'kholido, mchira uli neng'a. Lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Pa chipinda cha nambala seveni, chimene a Mvuu ankati ndi ofesi yawo, anapeza chokhoma cham'kati, ndipo munthu wina anatsokomola m'menemo.

"Muli alendo, a Tcheya?"

"Ndi mphepo imeneyo! Pitirirani!"

"Mphepo yake ya chifuwa bwanji. Muipatse mandimu."

Anawerenga la bafa, la chimbudzi, la khitchini, la mofululira mowa, la sitolo, mpaka la kabati ya mabulangete. Onse pamodzi anakwana makumi atatu ndi limodzi.

"Khomo lililonse chimodzimodzi," anatero Mai Gologolo akupukuta khala m'manja. "Ine kamodzi, a Tcheya ka makumi atatu ndi kamodzi. Mulungu akudalitseni, bambo, chifukwa cha mtima wanu wopatsa."

A Mvuu anatuluka thukuta lofiira. Dzuwa lisanapendeke anali ataitanitsa kale msonkhano wina.

"Lamulo lija analakwitsa ndi kalaliki," anatero. "Madzi satuluka pakhomo, amatuluka pampopi. Tsono mpopi uliwonse uzilipira chimodzimodzi."

"Zamveka," anatero Bwana Njati, diso limodzi lili chitsekere.

Loweruka lomwelo a Mvuu anazula mipopi yonse ya m'lesitihausi, n'kusiya umodzi wokha pabwalo lakumaso, waukulu ngati ntchafu ya njovu. Antchito ankatunga pamenepo ndi migolo. Mpopi umodzi kwa a Mvuu, mpopi umodzi kwa Mai Gologolo, mtengo uja womwewo, loko uja akudikirabe pathebulo. A Chule anayambanso kanyimbo kawo ka kapu ndi mgolo, koma ulendo uno amayi poyankha anawomba m'manja mwamphamvu, chifukwa anaona Mai Gologolo akumasula mpopi wawo ndi sipanala yobwereka.

Anaunyamula kukautula ku khonsolo.

"Bwana, nawu mpopi wanu. Ine ndilibenso mpopi, ndiye ndilibenso mlandu."

"Nanga madzi muziwatenga kuti?"

"Kuli anthu a Mulungu m'tauni muno, Bwana."

Lolemba m'mawa anafika pa lesitihausi ndi ndowa pamutu.

"Odi, a Tcheya! Tipempheko madzi."

Inu mukudziwa, kwathu kuno wopempha madzi samanidwa. Ndiwo ungamane, mchere ungamane, koma ukamana madzi dzina lako limanunkha mpaka kwa apongozi. Nanji mkulu wa mpingo, pamaso pa anthu? A Mvuu analoza mpopi.

"Tungani, mayi."

"Zikomo. Ndabwera ndi anzanga."

Atacheuka, anangoona mzere! Mai Nkhanga, akazi a Nungu, ogulitsa tomato, a zitumbuwa, a makala, aliyense wazula mpopi wake, aliyense ndi ndowa. Ndipo sanali pachangu ayi. Wina akatunga, enawo ankavundikira ndowa n'kukhalapo, nkhope zonse kuloza khomo la lesitihausi.

Tsono lesitihausi ya a Mvuu, ndinene motsitsa, inkadya kwambiri masana. Alendo ake sanali ochokera kutali. Anali azibambo a m'tauni momwemo amene kunyumba ankatsanzika kuti akupita kumsonkhano wa chitukuko.

Oyamba kufika anali a Fisi, atavala chipewa mpaka m'maso, pambuyo pakubwera kamtsikana ka Gwape.

"Mwaswera bwanji, a Fisi?" amayi onse pamodzi.

"Nda... ndaswera."

"Mayi ali bwanji kunyumba?" anafunsa Mai Nkhanga. "Kapena ndi omwewa? Koma ndiye aonda! Miyendonso yatalika!"

A Fisi anati amangofunsa njira ya kuchigayo, chigayo chake chimene anakulira pafupi nacho. Anatembenuka chipewa n'kugwa, osachitola. Pambuyo pawo panabwera a Nyani, aphunzitsi aakulu, amene atangoona ndowa zija anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akufuna mvula, n'kupitirira. Ngakhale njinga yamoto ya kalaliki wa khonsolo inaonedwa ikubwerera pakona.

Masiku asanu, palibe ngakhale mlendo mmodzi analowa. Madzi akupita ulere, zipinda zili mbee. Lachisanu a Mvuu anakagwa pamapazi a Bwana Njati, anthu akumva.

"Bwana, ndafa! Chiyambire mzere uja, pakhomo panga sipanalowe mlendo, ngakhale wobwereka machesi. Lamulo la mpopi lichoke!"

"Ndiye tiike lotani? Mwanditopetsa."

Mai Gologolo anali pomwepo, akuti amagulitsa mtedza pawindo.

"Bwana, ndinamva kuti kumatauni aakulu kuli kawotchi ka madzi, amati mita. Amakamangirira pa paipi, n'kumawerenga madzi amene alowa. Wa kapu alipira za kapu, wa mgolo za mgolo."

Bwana Njati ulendo uno anatsegula maso onse awiri. Mamita anabwera, mipopi inabwerera m'malo mwake, mzere unatha. Mwezi umenewo Mai Gologolo madzi awo anawalipira ndi mtedza wa tsiku limodzi. Amayi anavina mpaka fumbi.

Koma anavina msanga. A Mvuu anali asanathe.

"Madzi olowa tayeza, chabwino," anatero pamsonkhano wachitatu. "Koma suweji ndi nkhani ina. Madzi oipa akalowa pansi amasakanikirana. Ndani angaloze kuti nyansi iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje? Za pansi pa nthaka zilibe mwini. Choncho msonkho wa suweji tonse chimodzimodzi."

Ndiye anaukweza msonkhowo mpaka unaposa uja wa makomo, kuti zimene ankataya pa mita zibwerere. Bwana Njati anakanda nyanga, anaganiza, n'kunena kuti apa a Tcheya anena zoona, pansi palibe amene amaona.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, sabata yomweyo suweji inatsekeka n'kuphulika. Ndipo madzi oipa amaphulikira kuti? Kumunsi. Anatumphukira pakhomo penipeni pa okala ya Mai Gologolo. Fungo lake, abale! Ndani angagule mtedza atatsina mphuno? A Mvuu anabwera ndi mpango pakamwa, loko uja ali m'manja.

"Zatulukira pakhomo panu, mayi, ndiye mulipiranso chindapusa. Masabata awiri. Mukalephera, mukumuona uyu."

Atachoka, Mai Gologolo anakhala pa thumba la mtedza n'kulira. Osati kulira kwa chinyengo ayi, misozi yeniyeni. A Nungu anali atayamba kale kumanga makina awo m'chiguduli.

"Mlongo, tiyeni tizipita kumudzi," anatero a Nungu. "Tinayesa."

"Inu kumudzi muli nako, achimwene. Ine kumudzi kwanga ndi okala ino."

Pamenepo chivundikiro cha suweji chinatseguka, a Chule n'kusuzumira, thupi lonse mafuta okhaokha. Anayamba kanyimbo kawo kaja, koma palibe anayankha, ndipo anakasiyira pakati.

"Alamu, musalire," anatero a Chule. "Akuti za pansi zilibe mwini? Ine ndimazidziwa ndi fungo lomwe. Mafuta oumawa ndi a Mai Nkhumba. Masese awa ndi a Tcheya. Zimenezi ndiye zimatseka paipi. Koma ndani angamvere chule wonunkha?"

"Mukutanthauza kuti paipi ya aliyense imalowa payokha mu paipi yaikulu?"

"Payokhapayokha, ngati ana a mbuzi pa bere."

Mai Gologolo anasiya kulira. Anayang'ana kudenga la okala, kumene kunali miyono ya malemu amuna awo. Mono, kwa inu ana a m'tauni, ndi dengu lotchera nsomba: madzi amadutsa, koma chimene chalowa sichituluka. Anayang'ana miyono, anayang'ana a Chule, mchira uja n'kuyamba kudzuka pang'onopang'ono.

"Alamu, m'mapaipimo mumaonamo zonyezimira?"

"Zambiri. Zitsekerero za mabotolo."

"Basi, mwaona zonyezimira. Zinazo musanene. Achimwene a Nungu, masulani makinawo. Ine ndikukapesetsa mchira."

Anakakhala pampando wa saluni, Mai Nkhanga akuwapesa.

"Asisi, ndikuuzeni kanthu, koma pakhale pakati pa ine ndi inu."

"Ine? Mwandionapo ndikuyankhula za eni?"

"A Chule aona zonyezimira m'suweji. Ine ndikuganiza kuti ndi golide. Madziwa amachokera kuphiri, ndiye amabwera ndi timiyala tating'onoting'ono, timadutsa pampopi osaoneka, n'kuthawira m'suweji. Musauze munthu."

"Pakamwa panga ndasoka."

Mchira usanaume n'komwe, nkhani inali itafika kudepoti, kuchigayo ndi kutchalitchi. Pofika madzulo timiyala tija tinali titakula ngati mazira a nkhuku, ndipo ena ankalumbira kuti awaona ndi maso.

M'mawa Mai Gologolo anapita ku khonsolo, komiti yonse ilipo.

"Bwana, ndabwera kudzavomera. Chindapusa ndilipira, msonkho ndilipira. A Tcheya ananena zoona: za pansi zilibe mwini, ndipo zikatulukira pakhomo panga ndi zanga. Ndingopempha kalata yoti chilichonse chotuluka m'suweji pakhomo panga ndi changa ndekha, wina asadzandilande."

A Mvuu anadzuka mpando n'kugwa chagada.

"Wakuba! Bwana, mayi uyu ndi wakuba! Madzi ambiri amadutsa kwa ndani? Kwa ine! Ndiye zimene zikutsetserekera kwa iyeyu zikuchokera m'paipi yanga!"

"Ndi yanganso!" anakuwa Mai Nkhumba, wigi ikugwedezeka.

"Koma a Tcheya," anatero Mai Gologolo mofatsa, "si paja za pansi zilibe mwini?"

"Ndani ananena zopusazo? Chotuluka m'paipi yanga ndi changa!"

"Nanga tidziwa bwanji, poti zimasakanikirana?"

Kenako Mai Gologolo anausa moyo ngati munthu amene wagonja.

"Kaya. Ndili ndi miyono ya malemu. Mwina a Chule atatchera mono pakamwa pa paipi ya aliyense, isanalowe mu yaikulu, n'kuyalamo chiguduli kuti ngakhale kamchenga kasadutse. Koma ine ndiye ndiluza."

"Atchere lero lomwe!" anatero a Mvuu. "Wanga ukhale waukulu!"

Bwana Njati anaimiritsa onse a geni, aliyense n'kukweza dzanja, n'kulumbira pamaso pa gulu kuti chilichonse chopezeka m'mono wake pakatha masiku asanu ndi awiri ndi chake, sadzachikana, ndipo wina asadzachikhudze. A Mvuu analumbira kawiri, kachiwiriko atagwira pamtima.

Sabata imeneyo kanyimbo ka a Chule kanamveka tsiku lililonse pansi pa msika, ndipo kanali ndi mawu owonjezera, ofunsa kuti kodi nsomba ya m'mono uno idzafanana ndi mwini wake. Amayi ankayankha akuseka mpaka kugwira m'nthiti. A Mvuu atamva anati ndi nyimbo yowatamanda, n'kuwaponyera a Chule ndalama ya fodya.

Tsiku lovuula miyono tauni yonse inasonkhana, ndi sikelo ya kuchigayo yomwe. Kutsogolo kunakhala Mai Mvuu, akazi a Tcheya, mayi wosayankhulayankhula, atanyamula beseni latsopano loti atengeremo golide.

Woyamba unali mono wa a Nungu. A Chule anaunyamula ndi dzanja limodzi. Munali ulusi pang'ono ndi batani limodzi.

"Batani langa lija!" anatero a Nungu. "Ndinalifuna mwezi wathunthu."

Wa Mai Nkhanga munali tsitsi la eni ndi nthenga. Wa Mai Gologolo, ha, unalemerako ndithu. Atautsegula, makoko a mtedza okhaokha, kudzaza lichero.

"Ana awa!" anatero Mai Gologolo akuyang'ana kumbali. "Ndimawauza tsiku ndi tsiku."

"Ana ake ati, asisi?" anatero Mai Nkhanga. "Si inu mumasesera pa dzenje la suweji paja m'mawa uliwonse?"

Gulu linaseka, Mai Gologolo n'kubisa nkhope kumchira.

Mono wa Mai Nkhumba anaunyamula anyani anayi akubuula. Mafuta ouma ngati phula, mafupa, makoko a mazira, matumbo a nkhuku. Mai Nkhumba, amene chiyambire Lachitatu ankayenda atamanga duku, anafufuza ndi mphuno mpaka pansi. Golide olo kamodzi.

Wa a Mvuu unakanika anyani. Anachita kuitana a Njovu a kumatabwa kuti aukoke ndi chitamba. Atauika pa sikelo, sikelo inalira n'kuthyoka. A Mvuu anagwada n'kuyamba kupalasa ndi manja awiri: masese, masese, masese, nsanza, zidutswa za sopo, zitsekerero za mabotolo zonyezimira bwino. Kenako anagwira chinthu chofewa, n'kuchikoka, n'kuchikweza m'mwamba asanachione bwino.

Wigi yofiira.

Maso onse anachoka pa wigi, n'kupita pa duku la Mai Nkhumba, n'kubwereranso pa wigi.

"Iii, ndinailuka ndine imeneyo," anatero Mai Nkhanga, amene sakanatha kudzigwira ngakhale mukanawamanga mlomo ndi waya.

Zimene zinachitika, ndinamva kwa wochapa mabulangete, n'zakuti Lachitatu masana Mai Mvuu anagogoda pa nambala seveni kudzafunsa makiyi a sitolo. Wina anatulukira pawindo, wigi n'kukodwa pa msomali, a Tcheya mwamantha n'kuiponya m'chimbudzi, kuiwala kuti kunsi kuli mono.

Mai Mvuu anaika beseni pansi pang'onopang'ono.

"Bambo a kwathu, iyi ndi ya ndani?"

"Ndi... ndi ya mlendo wina."

"Mlendo? Si inu munalira ku khonsolo kuti pakhomo panu sipakulowa mlendo? Mpaka dzulo mumadandaula kuti sanabwererebe. Ndiponso munalumbira kawiri kuti zonse za m'monomu ndi zanu. Ndiye ndikufunsanso. Ndi ya ndani?"

A Mvuu anayang'ana kumwamba, thandizo silinabwere.

"Ndi yanga, mayi. Ndimavala kukazizira. Dazi limandipweteka."

"Lero kwazizira. Valani."

Ndipo anavala, anzanga! Yonyowa, ya masese, madzi akutsikira m'makutu. Anthu anagwa pansi ndi phwete. A Fisi anaseka mpaka anawanyamula.

Mkati mwa phokosolo a Mvuu analoza Mai Gologolo. "Bwana, mayi uyu anatinamiza! Golide ali kuti? Amangidwe!"

Bwana Njati anaimirira, ndipo tsiku limenelo tulo analibe.

"Mai Gologolo, golide ali kuti?"

"Palibe, Bwana. Ndinanama. A Chule anaona zitsekerero, golideyo ndinawonjezera ndine. Ndikanabwera ndi zoona zokhazokha, mukanadzuka?"

Bwana anakhosomola, n'kuyang'ana milu ija ili ndanda pabwalo, kuyambira batani la a Nungu mpaka phiri la a Mvuu.

"Bodza ndi bodza. Mukazinga mtedza wa komiti yonse pamsonkhano wamawa, ulere. Koma maso ndili nawo. Za pansi zili ndi eni ake, ndipo eni akewo alumbira okha. Kuyambira lero, madzi olowa tiziyeza ndi mita, otuluka tiziyeza ndi mono. Wothira zambiri zotseka paipi alipira zambiri, wothira zochepa alipira zochepa. A Chule azitchera miyono kawiri pachaka, tsiku osalengeza, ndipo pa ndalama ya suwejiyo azilandirapo malipiro enieni, osati sopo. Chindapusa cha mayiwa chafafanizidwa. Koma makoko aja, mayi, mulipira kuposa a Nungu."

"Aa, Bwana, timakoko tomweti?"

"Mono ndi wanu, nzeru ndi zanu."

Analipira akung'ung'udza. Unali mtedza wa masiku awiri, ndipo okala inakhala chitsegukire.

Mudziwa chimene chinadabwitsa anthu? Mwezi usanathe suweji inasiya kuphulika. Mai Nkhumba, pofuna kuti mono wawo upepuke, anayamba kusunga mafuta otsala m'chitini n'kumapangira sopo, ndipo sopoyo akuyenda malonda kuposa chakudya chawo, chimene kunena zoona sichinali chokoma. Mai Gologolo makoko aja anayamba kusonkhezera moto wokazingira, makala n'kumagula theka. A Chule anagula jombo. Kanyimbo kawo sanakasiye, koma tsopano kamanena kuti wa kapu watula za kapu, wa mgolo watula za mgolo, ndipo amayi poyankha safunsanso za a mimba yaikulu, amangofunsa ngati kunja kwazizira.

A Mvuu utcheya anausiya okha. Masiku ano amakhalira m'madzi, kungotulutsa maso ndi makutu, kuona ngati anthu aiwala. Sanaiwale. Makiyi onse a lesitihausi anatenga ndi Mai Mvuu, amene anaika sefa pa paipi ya masese, ndipo amalipira msonkho wawo tsiku loyamba la mwezi. Alendo ake tsopano ndi alendo enieni, a zikwama.

Tsiku lina Mai Mvuu anatsikira kumunsi kudzagula mtedza.

"Amwali, munandichititsa manyazi pagulu," anatero.

"Pepani, mayi. Ine ndinatchera nyansi, sindinadziwe kuti mugwa nsomba yofiira."

Mai Mvuu anatafuna mtedza, n'kumwetulira pang'ono. "Thirani wa mbale ziwiri. Ndipo loko uja ankakuopsezani naye, musamuopenso. Ndinakamupempha ku khonsolo."

"Mwamuika pati, mayi?"

"Pa nambala seveni."

Nthano yanga yathera pomwepa. Thamangani mukatseke mpopi, ndowa yasefukira, ndipo mita ikuwerenga.